Nthiti za Bambo pa Galasi la Kompyuta

Amene anandilakwira ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, yemwe anali kalaliki pa kachipatala kena kufupi ndi Nathenje. Zotsatira za matenda a bambo anga zinafika m'kompyuta ya patebulo pake, iye osazitsegula mpaka bambo anamwalira. Atadzazitsegula n'kuona zimene zinalimo, anatseka pakamwa, n'kusiya mayi anga kuti asenze mlandu wa imfayo. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa kwathu ku Mitundu kupsa mtima kwanga amakudziwa ndi ana omwe, ndiye wina angati ndinangolusa monga mwa masiku onse.

Nthawi imeneyo zipani zambiri zinali zisanakhalitse, m'minibasi aliyense ankalankhula zakukhosi osayang'ana kumbuyo. Kachipatalako anatsegula ndi azungu a bungwe lina. Pano kanatsekedwa, anthu amasungiramo fodya. Azunguwo anabweretsa kompyuta imodzi yolumikiza ku waya wa lamya. Wodwala akamutumiza ku tauni kukajambulidwa m'chifuwa, sankabwerako ndi pepala ayi. Adokotala a kumeneko ankamata chithunzi ndi kalata yawo ku fayilo ya wodwalayo m'kompyuta, ndipo kalaliki wa kuno ankayenera kuzitsitsa. Msuweni wanga anapeza ntchitoyo chifukwa anafika Fomu 4. Ine ndinalekezera Sitandade 7 nditakankhana ndi aphunzitsi, choncho pamtundu pathu wophunzira anali iyeyo.

Bambo anayamba kutsokomola tili mkati mosoka fodya. Zipatala zapafupi zinalipo, koma iwo anati tipite kumene kuli mwana wa mlongo wawo, poti pali wako sufera pamzere. Anawatumiza ku tauni, anawajambula, n'kuwauza kuti zotsatira akazimvere ku Nathenje. Kuyambira pamenepo ndinapalasa njinga kanayi kukafunsa.

"Zafika, msuweni?"

"Sizinafike. Iwe ukuyesa kompyuta ndi ng'ombe ya pangolo, yoti ukaikwapula ithamanga? Pita ukasoke fodya, za kuno utisiyire a sukulu."

"Sukulu yake iti, yovalira taye pa malaya obwereka?"

Tinkaseka, si ndi chisuweni nanga. Ndinkabwerera kumudzi n'kukawauza bambo kuti adikirebe. Iwo ankangogwedeza mutu. Anaonda mpaka lamba anasowa pobowola. Miyendo inatupa, kenako anayamba kulavula magazi m'kachitini kamene mayi ankakatsuka m'mawa uliwonse kuseri kwa chigafa. Anamwalira m'nyengo yachisanu, chimanga chili m'nkhokwe.

Mayi anali mkazi wa chitengwa, kwawo ndi ku Diamphwe, ndipo pamudzipo analibe mbale wowaimira. Tsiku lometa, anthu atakhala pabwalo, azakhali anaimirira n'kunena kuti mlongo wawo sanafe imfa wamba, unali mdulo. Kwathu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadulika chifuwa, amatupa miyendo, amalavula magazi. Zonsezo bambo anali nazo. Mkulu wina wa mpingo anayesa kuziziritsa nkhani, anatembenukira kwa msuweni wanga amene anakhala pampando atavala malaya oyera.

"Inu a kuchipatala, paja anakawajambula. Anapeza chiyani?"

Iye anayang'ana nsapato zake. "Sanapeze kanthu."

Basi, mlandu unathera pomwepo.

Apa ndinene zanga, chifukwa nanenso ndilimo. Madzulo a tsiku lomwelo mayi anandiikira chakudya pakhonde. Ndinayang'ana mbale ya ndiwo, mutu uli waa, ndipo ndinafunsa kuti, "Mcherewu mwathira ndinu?" Ndinaikankha ndi phazi, nyemba zinamwazika pansi. Mayi anagwada n'kuyamba kutola nyembazo imodziimodzi. Kutacha anamanga katundu wawo m'chitenje, ananyamuka wapansi, ine ndili m'munda dala kuti ndisawaone.

Nyumba inatsala ndi ine ndekha. Masana enieni, dzuwa lili pamutu, ndinkamva bambo akutsokomola m'chigafa. Ndikathamangirako ndinkapeza mapesi ndi nkhuku basi. Ndinapita kamodzi ku Diamphwe, ndinapeza kuti mbiri inafika kale. Pamaliro amayi anzawo sankawalola kuyandikira miphika. Ngakhale ndiwo zawo zomwe ankadya zopanda mchere, akuti dzanja limakana.

Mvula yoyamba itagwa, nanenso ndinayamba kutsokomola. Ndinkadzuka malaya atanyowa thukuta. Mumtima ndinati basi, zandipeza. Ndinakwera njinga, kupuma katatu panjira, mpaka ku kachipatala kaja. Msuweni kunalibe, anali ku tauni ku maphunziro. Pampando pake panali anamwino ena achikulire, ovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

"Kunyumba alipo wina amene ankatsokomola chonchi, mwananga?"

"Bambo anga. Koma iwo unali mdulo. Kuno sanawapeze ndi kanthu."

"Wanena ndani? Khadi lawo lilipo?"

Linali m'thumba la jekete lawo limene ndinavala. Anamwinowo analemba nambala ya pakhadipo ndi chala chimodzi. Kabokosi kapambali kanayamba kulira ngati mwana wa mbuzi wopanidwa pakhomo la khola, kenako kanati zii. Pagalasi panatuluka dzina la bambo, pambali pake kachizindikiro konga kawaya kopanira mapepala.

"Ukuona aka? Ndiye kuti pali zimene anamata. Tizitsitse."

Anadina. Poyamba panalibe kanthu, mdima wokhawokha. Kenako pamwamba pa galasi panaoneka kamzere kotuwa, pansi pake kena, kena. Chithunzi chinkatsika pang'onopang'ono ngati munthu akutsitsa nsalu ya pawindo. Ndinaona mafupa a khosi. Ndinaona mapewa. Zitangoyamba kuoneka nthiti ziwiri zoyamba, wina m'chipinda china ananyamula lamya, zonse n'kuima.

"Ikani foniyo pansi inu!" anakuwa anamwino. "Tili ndi munthu pano!"

Tinayambiranso. Khosi, mapewa, nthiti. Ine nditaima chilili, manja ali m'matumba a jekete la mwini nthitizo. Tinawaika m'manda ndikuona, dothi ndinathira nawo ndi fosholo, koma apa anali akubwera mzere ndi mzere, ndipo sindikanatha kuwauza kuti afulumire kapena abwerere. Kumtunda kwa phapo limodzi kunali koyera ngati ufa wotayika, pakati pake pali bowo lakuda. Mpaka lero ndikatsinzina ndimaona bowo limenelo.

Kalata ya adokotala inatsika msanga, inali ya mizere yochepa. Anamwino anaiwerenga, anavula magalasi, anawavalanso.

"Chinali chifuwa chachikulu. Analemba kuti ayambe mankhwala msanga." Analoza kabati ya kumbuyo kwawo. "Ndi awo ali apowo. Aulere."

Ndinafunsa kuti zinafika liti. Anandionetsa masiku awiri pagalasipo. Loyamba, tsiku limene zinafika, fodya tinali tisanamalize n'kusoka komwe. Linalo, tsiku limene munthu anazitsegula koyamba, linali lotsatana ndi tsiku loika maliro. Kumeta kunali kusanachitike.

"Mnyamata uja kutsitsa zomata sankadziwa," anatero motsitsa mawu. "Kufunsa ankachita manyazi. Anadzaonetsedwa mochedwa, ndipo mafayilo otere tawapeza angapo. N'chifukwa chake amutumiza kukaphunzira."

Anandisindikizira zonse ziwiri papepala. Ananditenganso makhololo, ndipo patapita masiku anandipeza ndi chifuwa chomwecho. Mankhwala a m'kabati ija ndinamwa ine, ndinachira, ndi uyu ndikulembayu.

Tsiku limene ndinaona chithunzicho njinga ndinaisiya pa Nathenje, ndinakwera minibasi ya ku Diamphwe. Mayi ndinawapeza akupalira kuseri kwa nyumba. Chingerezi sadziwa, ngakhale Chichewa chomwe sawerenga, koma chithunzicho anachigwira ndi manja awiri nthawi yaitali. Anaika chala pa fupa la paphewa pamene panali kamfundo.

"Apa ndi pamene inawagwera ngolo, iwe usanabadwe. Ndi iwowo."

Ndinawafotokozera zonse. Ndinagwada m'matope momwemo n'kupepesa za nyemba zija. Sanalire.

"Dzuka, iwe ndi mwana," anatero. "Koma pepalali ulitenge. Ine sanandinene papepala. Anandinena ndi pakamwa, anthu atakhala pansi."

Ndinadikira Lamulungu, tsiku limene ndinkadziwa kuti msuweni abwera kudzaona amayi ake. Chikwanje ndinachisiya m'nyumba, ndinatseka chitseko, kiyi n'kupatsa aneba, chifukwa ndimadzidziwa. Anthu anali atangoweruka ku tchalitchi. Pakhomo pa azakhali panali anthu ambiri ndithu, mkulu wa mpingo uja analiponso, akumwa thobwa pansi pa mtengo wa mango. Msuweni atandiona anamwetulira.

"Wabwera wa Sitandade 7 uja! Mpatseni chikho, mwina lero sakankha munthu."

Sindinaseke. Ndinatulutsa mapepala aja n'kuwaika pamiyendo pake, chithunzi pamwamba. Nkhope yake inagwa nthawi yomweyo. Anafuna kuwapinda, ndinamugwira dzanja. Mawu anga anatuluka bwinobwino, ndipo aliyense anamva.

"Zoti sunkadziwa kutsitsa, ndikanakukhululukira, umbuli si mlandu. Koma tsiku lometa unali utaona kale. Imirira. Uwerenge kalatayi mokweza, m'Chichewa, amayi akowa amve chimene chinapha mlongo wawo. Ukatha, mawa ukwere minibasi pamodzi ndi iwowa, mukawapeze mayi anga ku Diamphwe, muitane anthu akhale pansi, unene ndi pakamwa pakopa kuti sanaphe munthu. Sindikumenya, msuweni. Ndiima pompano mpaka uwerenge."