Tikiti Yobwerera kwa Mwini Wake

Alamu anga anthu amawatcha a Matikiti, koma sagulitsa matikiti a basi ayi. Matikiti awowo ndi madandaulo a pa ofesi. Makina osindikizira akafa, munthu amalemba dandaulo pa kompyuta, limalandira nambala, kenako limadikira woti alikonze ndi kulitseka.

Pulogalamu ya matikitiyi alamuwo anaiika okha zaka zisanu zapitazo, m'makompyuta atatu osagwirika ndi manja, okhala m'mimba mwa kompyuta imodzi yaikulu. Palibenso wina amene amadziwa polowera. Choncho amaswera nayo m'kachipinda kopanda windo, atavala juzi chifukwa cha mphepo yoziziritsa makina, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Achemwali anga atachira mwana wamkazi, alamuwo anapita kwa abwana awo kukapempha tchuthi cha sabata imodzi.

"Lembani tikiti, achimwene," anatero abwanawo. "Si inu nomwe munatiphunzitsa kuti za pakamwa zimauluka?"

Analembadi. Koma anaiwala lamulo lomwe anaika ndi zala zawo: tikiti iliyonse yosowa mwini izipita kwa a Matikiti. Asanachotse n'komwe dzanja, kompyuta inalira kuti kwabwera dandaulo latsopano. Linali lawo lomwe lija, likuwapempha kuti apeze munthu wowagwirira ntchito.

Nditamva ndinapsa mtima. "Alamu, bwanji osangozimitsa chinthucho?"

"Ndikazimitsa, adzaitana ndani kuti ayatse?"

Mwana uja pano akuyenda, ndipo akaona munthu wovala juzi amati ababa. Tikiti ija sinatsekedwebe.