Manja a bambo pa kazenera

Salaam aleikum nonse.

Lero Amina, mdzukulu wanga, ananditenga pa galimoto kukaona nyumba yakale ya mzungu wa njanji ku Chipoka, ija bambo athu ankagwirako ukhukhi m'ma 1950. Abale anga, anthu aja ankamanga! Njerwa sinagumuke ndi imodzi yomwe, khonde likadali lozizira bwino.

Mlonda atatsegula chitseko cha kutsogolo, ine miyendo inangonditengera yokha kuseri, kukhitchini, mpaka ndinayamba kuvula nsapato. Paja n'kumene tinkaima tikawafuna bambo. Kutsogolo sitinkapondako.

Amina anandigwira dzanja. "Agogo, mzunguyo anapita kalekale. Tiyeni kuno."

Ndinalowa ndi fumbi langa lomwe. M'chipinda chodyera muli kazenera kopatsirapo mbale kuchokera kukhitchini. Thabwa lake linachita kusalala ndi kulowa pakati, pomwe bambo ankakankhira mbale. Zaka zonse zija, m'chipindamo munkangolowa manja awo okha. Ndinaikapo anga.

Achimwene a Yusufu, inu ndinu aakulu. Bwanji pa Idi tipite tonse, tikawapempherere bambo dua m'chipinda momwemo? Koma tikalowere kutsogolo. Mukuti bwanji?