Nkhafi ya Shaame Faki

Shaame Faki anabadwira ku Tumbe, pachilumba chathu cha Pemba, m'chaka cha 1951. Ntchito yoyenga mafuta a shaki, nsomba zazikulu zolusa za m'nyanja yamchere, anaiyamba mu 1968, bambo ake atayamba kuvutika maso. Ziwindi za shaki amaziponya mumgolo kuti ziwolere momwemo mpaka mafuta ayandame, ndipo mafutawo amapaka ngalawa kawiri pachaka kuti nyongolotsi za m'nyanja zisaboole matabwa. Kwathu kuno timati ngalawa yosapakidwa siiona chaka chachitatu.

Bambo akewo atamwalira mu 1979, anamusiyira ngalawa, nkhafi ndi lamulo limodzi: shaki wofupika kuposa nkhafi abwezedwe m'madzi, pakuti ameneyo sanabereke, ndipo shaki sabereka ana ambiri ngati nsomba zina. Nkhafiyo ndinaiyeza ndekha mu 1984, chaka chimene ndinayamba kulemba kaundula wa padoko. Inali masentimita 126.

Shaame sanali munthu wokhala pansi. Chinangwa cha kokonati ankadya choimirira, diso lili kumgolo. Pamene maukonde aataliatali anachuluka pagombe, shaki ofika pa muyeso anayamba kusowa, mgolo n'kumakhala wosadzaza chaka chonse. Iye sanafune kuphwanya mawu a bambo ake, komanso sanafune kuona ngalawa ikufumbwa. Choncho mu Juni 1996 anabwereka sowo, nadula nkhafi kumpini. Anabwereza mu 2003, mu 2011 ndi mu 2017. Nthawi iliyonse shaki ankagonekedwa pambali pa nkhafi monga mwa mwambo, ndipo ofupika ankabwezedwadi. Pofika 2017 nkhafi inali masentimita 74, mwini wake akupalasa chowerama ngati wozula mtedza.

Chaka cha 2019 chinali choipa kuposa zonse. Ngalawa inadumpha kupakidwa kamodzi, ndipo timabowo tonga ta singano tinayamba kuoneka kunsi kwake. Shaame ankatigwiragwira m'mawa uliwonse, n'kupita kumgolo, n'kubwereranso. Pa 9 Novembala anakatchera ukonde kukhwawa la madzi amchere, kumene shaki amaberekera, malo amene bambo ake sankaponyako ngakhale mbedza. Anabwerako dzuwa litakwera ndi shaki khumi ndi mmodzi, onse amoyo m'madzi a pansi pa ngalawa. Anawayeza mmodzimmodzi. Panalibe ngakhale mmodzi wofika pankhafi.

Anatuma mawu kunyumba kuti sowo ibwere. Amene anaibweretsa anali mkazi wake, Bi Mboje, amene anali atakhala chete pa nkhaniyi zaka makumi awiri ndi zitatu.

"Nayi sowo, amuna anga. Dulani bwinobwino, yotsalayo mundipatse. Mthiko wanga unathyoka dzana."

Asodzi amene ankasoka maukonde pafupi anaseka. Shaame anayankha mosayang'ana munthu kuti iye lamulo la bambo ake sanaliphwanyepo chibadwire.

"Inde, akuluakulu, simunaliphwanye," anatero Bi Mboje. "Koma tatembenuzani uyo muone pamimba."

Shaame anamutembenuza. Pamimba pa shakiyo panali kabala ka mchombo kosapola, chizindikiro choti wangobadwa kumene. Anatembenuza wachiwiri ndi wachitatu, n'kupeza chimodzimodzi. Anaimirira nthawi yaitali sowo ili m'manja, akuyang'ana ngalawa, kenako mgolo. Atatero anakankhira ngalawa m'madzi, napalasa chowerama kubwerera kukhwawa. Shaki atatu anafera m'njira; asanu ndi atatu anasambira atawabwezera m'madzi.

Sabata yotsatira anakagula penti yopaka ngalawa kutauni ya Wete, chinthu chimene moyo wake wonse ankachinyoza kuti n'chodzola cha akwati. Pentiyo inafika mochedwa, nyongolotsi zitalowa kale mkati. Pa 14 Malichi 2021 ngalawa ya bambo ake inaguzidwira pamchenga komaliza.

Pa thabwa limodzi limene linali lisanafumbwe, Shaame anasemapo nkhafi yatsopano, atabwera kwa ine kudzafunsa muyeso wa 1984. Ngalawa yoipalasira alibe. M'mawa uliwonse amayenda nayo padoko kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, akuigoneka pambali pa shaki a anthu ena. Ena amamuthamangitsa kuti achoke ndi ndodo yakeyo, ena amabisa nsomba pansi pa thumba akamuona akubwera. Akamaliza, Shaame amadzaima pakhomo panga, osalowa, kuti ndilembe zimene wapeza. Kuyambira 2021 kufikira mwezi uno, shaki ofika pankhafiyo alembedwa atatu.