Maso a a Kamwendo sankayang'ana pansi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandipatsa manja ogwirira ntchito ndi mtima wopirira.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kumphakati kwathu ku Mtakataka. Titatha mapemphero, mayi Kamwendo anapempha munthu wosamalira amuna awo, mphunzitsi wopuma, amene ankadwala matenda a muubongo oumitsa thupi pang'onopang'ono. Ndinadzipereka.

Namwino wa kuchipatala cha ku Mua ndiye anandilangiza. "Masowa amaona, koma sayenda. Pansi sangayang'ane, khosi nalo linauma. Chilichonse uziwaikira patsogolo penipeni." Choncho tebulo lodyera tinalikweza ndi njerwa. Popeza sankaphethira kawirikawiri, maso ankauma ndi kufiira, ndiye ndinkawadonthezera mankhwala. Zikope zikatsekeka zokha, ndinkazipukuta ndi kansalu konyowa mpaka zitatseguka. Poyenda ndinkakhala kumbuyo nditagwira lamba wawo, chifukwa ankagwa chagada.

Tsiku lovuta linali lomwe kunabwera Agnesi, mwana wawo amene anachoka pakhomo atakwatiwa ndi mwamuna yemwe iwo anamukana. Mayi anali kudimba. Agnesi analowa ndi khanda kumsana, nagwada kumapazi a bambo ake.

"Ababa, ndabwera."

Iwo maso anangoti tong'o pakhoma, nkhope ili gwa. Mawunso ankachedwa kuwatuluka. Agnesi anadikira, kenako ananyamuka chowerama, misozi ili chuchuchu.

"Ndaona. Sakufuna n'kundiyang'ana komwe."

Ndinadziwa kuti akakwera minibasi sadzabweranso. Ndinamutsekereza pakhomo, mtima ukupemphera.

"Achemwali, si mtima wawo, ndi matenda. Pamene munagwada paja sakuonapo. Khalani pampando uwu, muyang'anizane nawo."

"Ine pampando, ngati mnzawo? Anthu amve kuti chiyani?"

"Anthu palibe muno. Khalani."

Anakhala monyinyirika. A Kamwendo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Waonda, mwanawe," anatero.

Agnesi anamasula khanda, nalikweza ndi manja awiri kufikira pankhope pa agogo ake.

Kunyumba anatilera kuti ulemu ndi kugwada, ndipo sindinasiye. Koma kwa wodwala, ulemu ndi kukhala pamene iye angakuone. Ndasamalira odwala ena chichokereni kumeneko, ndipo mlendo asanalowe ndimayamba ndamuuza pokhala.

Ambuye amene sabisira ana ake nkhope akudalitseni inu nonse osamalira odwala, akulimbitseni mawondo ndi msana, ndipo mtendere wake ukhale m'makomo mwanu. Amen.