Jekete la ku Tchalitchi pa Msika wa Dzaleka

Ndinanyamuka pa Malomo Lachiwiri m'mamawa, mphepo ya Julaye ikuluma makutu. Ndinkapita ku Dzaleka kukafuna ganyu. Msuweni wanga Yohane anali atandiuza kuti tsiku la msika eni mashopu kumeneko amatenga anthu otsitsa katundu, ndipo akakukonda amakusunga. Mkazi wanga, Nachisale, anagulitsa nkhuku zake ziwiri zomaliza kuti ndipeze yokwerera. Yobwerera ndinayenera kukaipeza komweko. Anasitanso jekete langa la ku tchalitchi.

"Muvale ili," anatero. "Musakaoneke ngati mulibe mkazi."

Pa siteji, dalaivala wa Sienta atangondiona anatsegula chitseko cha kutsogolo. "Bwana akhale kuno!" Anzanga anapanikizana kumbuyo ngati matumba a soya, ine ndikuonera mapiri a Ntchisi pa galasi. Ndinalipira K4,000 mpaka pa boma monga wina aliyense, koma ubwanawo ndinaumva kukoma.

Mu minibasi ya ku Mponela ndinakhala ndi mtsikana wonyamula laputopu. Ankadandaula pa foni kuti alawansi ya tsiku ku wekishopu yawo ndi yochepa. Ndalama imene anatchula, ine ndimailandira ndikagalauza munda wonse wa munthu, msana utauma.

"Nanunso ndi a ku wekishopu?" anandifunsa.

"Ayi, ndili ndi tina ku Dowa," ndinayankha, ndikubisa zikhatho zanga zong'aluka.

Pa Dowa Turn-off ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, K2,000, ndipo m'thumba munatsala ya chapati chimodzi. Ndinafika pa Dzaleka dzuwa litakwera. Anthu piringupiringu, Chiswahili uku, Chirundi uko. Foni ya Yohane inali yozima. Pa khamu lonselo panalibe nkhope imodzi yondidziwa.

Lole ya mpunga itaima, amuna ovala malaya ong'ambika anaithamangira. Nane ndinathamanga. Mwini katunduyo, mayi wa ku Burundi, anandiimitsa mwaulemu.

"Bambo, mukufuna matumba angati? Khalani pa mpando."

"Ndikufuna ganyu, mayi."

Anaseka, kuyesa nthabwala, n'kuloza anthu ena asanu. Pa lole yachiwiri zinali chimodzimodzi. Ndikayandikira pamene otsitsa katundu ankapumira, macheza ankatha. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Awa ndi a khonsolo." Chapati changa ndinadyera kuseri kwa shopu, ndekha, ndikuganiza za nkhuku za Nachisale. Sindinasungulumwepo chotero chibadwire.

Dzuwa litapendeka, bambo wina wa imvi, wotsitsa katundu wa kwa Dzoole, anakhala pambali panga.

"Achimwene, mwazungulira kuyambira m'mawa. Mukufunadi ganyu?"

"Eya."

"Ndiye chimenechi mwavaliranji? Bwana akaona jekete amaopa kuti mufuna malipiro a mu ofesi. Pano amasankha wooneka kuti sakana chilichonse."

Tikulankhula choncho, inafika lole yomaliza, ya ufa wa tirigu. Ndinavula jekete. Anzanga onse anali ndi nkhata zawo za masaka, ine ndinalibe. Ndinayang'ana mizere imene Nachisale anasita, kenaka ndinalipinda, n'kuliika pamutu. Mayi wa ku Burundi uja anandiloza osandizindikira n'komwe.

"Iwe, thamanga!"

Ndinathamanga. Thumba lililonse linali K100. Zimene ndinapeza zinangokwana ulendo wobwerera, ndipo mayiyo anati ndibwerenso Lachiwiri linalo.

Pobwerera kondakitala anandikankhira mpando wa kumbuyo, mwendo uli pa thumba la makala. Palibe ananditcha bwana, palibenso anandifunsa kumene ndikupita. Njira yonse ndinkalingalira kuti ulemu ndinaupeza ndili ndi njala, ntchito ndinaipeza nditasanduka "iwe".

Ndinafika pa Malomo kutada. Nachisale anali pa msewu, akudikira. Anaona jekete lili mbuu ndi ufa, phewa litasomoka.

"Akulembani?"

"Ati ndibwerenso."

Analitenga, n'kuyamba kulikutumula. "Ndilichapa mawa, ndilisoke. Lamulungu muvale."

"Lisiyeni momwemo, mayi a Tiya," ndinatero. "Lachiwiri ndifunika nkhata."