Mbale ya mtedza pa kompyuta

Moni nonse abale, imvani zomwe ndachita lero.

Paja alimi a gulu lathu kuno ku Sinda anandisankha kukhala mlembi ati chifukwa ndimakonda kuwerenga. M'mawa uno ndimamaliza kulemba lipoti lopempha mbewu, loti a tcheyamani apite nalo ku Katete lero lomwe, apo ayi chaka chino mbewu sitilandira. Njala itandigwira, ine wowerenga kwambirine ndinakhazika mbale ya mtedza pa mabatani a kompyuta.

Pobweza maso, lipoti lonse lafufutika! Pangotsala mzere umodzi, "mmmmmmm", ngati kompyutayo ikubuula m'malo mwanga. Apo n'kuti a tcheyamani ali pakhomo, chipewa kumutu: "A mlembi, basi siidikira munthu." Ine thukuta kamukamu.

Mwamwayi ndinakumbukira zomwe ndinawerengapo pa foni, zoti ukalakwitsa uzidina mabatani a Ctrl ndi Z pamodzi kuti ubweze zomwe walakwitsazo. Ndinadina, n'kudinanso. Abale, zonse zinabwerera, ngakhale mawu amene ndinalemba molakwika! A tcheyamani akwera basi lipoti lili m'manja, mbewu tili nayo chiyembekezo.

Tsopano ndikuganiza zomaphunzitsa anzanga a mu komiti timabatani totere Loweruka. Mukuona bwanji, munthu wodyera pa kompyuta angaphunzitse anzake?

Madzulo ano ndinawafotokozera a Phiri oyandikana nafe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka akuti: "Aneba, mabataniwo mundibwereke mawa. Pali mawu amene ndinawauza apongozi anga dzulo."