Lezala la Mayi a Chiso

Ku Chilobwe kuno a Mervis, omwe tonse timawatchula kuti mayi a Chiso, amadziwika ndi kudula zinthu pakati. Mtanda wa sopo ukalowa m'nyumba mwawo sugona wathunthu, theka limapita kwa aneba. Kabichi chimodzimodzi. Anakulira ku Phalombe m'banja la ana ambiri, komwe dzira lowiritsa ankaligawa ndi ulusi, ndipo chizolowezicho anakwera nacho basi kubwera m'tauni. Ife oyandikana nawo tadya matheka awo zaka ndi zaka, uku tikuwaseka kuti tsiku lina adzadula pakati amuna awo omwe. Iwo ankangoti, "Kupatsa n'kuika, ana inu."

Amuna awowo, a Hawkins, anali dalaivala wa minibasi mpaka matenda a shuga atawaipitsa maso. Kuyambira pamenepo mankhwala ankachita kuwaikira m'manja akazi awo m'mawa uliwonse, iwo n'kungoponya m'kamwa.

Chaka cha namondwe Freddy, matope atatsika m'phiri la Soche, a Mervis anatenga a Lusiya, mayi wamasiye yemwe nyumba yake inakokoloka, n'kuwagoneka m'chipinda cha Chiso, mwana wawo amene ali ku Joni. A Lusiya nawonso ndi a shuga, ndipo kukiliniki ankangobwerako chimanjamanja, akuti mankhwala atha. Pomwe a Hawkins anali atalemberedwa mapiritsi atsopano, oti amathandiza shuga ndi mtima womwe, ndipo Chiso ankawatumiza pa basi osaphonya. Nanga munthu ngati a Mervis akanatani? Anatenga lezala. Piritsi lililonse pakati, theka kwa bambo, theka kwa mlendo. Bambo sanawauze, poti maso ake ati oti n'kuona.

Kenaka a Hawkins anayamba kugwira pachifuwa akangoyenda pang'ono. Kuchipatala china m'tauni anati awathire utoto m'mitsempha kuti njira za magazi za mtima zioneke pa makina. Asanayambe, dokotala wachitsikana, a Shamsa, anafunsa ngati bambo amamwa bwino mankhwala. "Tsiku lililonse, adokotala," anayankha a Mervis. Silinali bodza, koma za lezala sanatchule.

Mtima wa a Hawkins madokotala anauona bwinobwino. Koma m'masiku otsatira mkodzo unayamba kuchepa, miyendo n'kutupa ngati mitanda ya buledi. Impso zinali zitalephera kupirira utoto uja, ndipo mpaka lero a Hawkins amakagona pa makina osefa magazi.

A Mervis anamva mayi wina pabenchi yodikirira akunena kuti mapiritsi atsopano aja amateteza impso ku utoto. Ananyamuka pomwepo. Anawatsekereza a Shamsa pakhonde la wodi n'kuulula zonse za lezala.

"Adokotala, ndiuzeni zoona. Akanamamwa athunthu, impso zikanapulumuka?"

"Mayi, ofufuza ena akuti mwina amateteza, ena akuti sakuona kusiyana. Komanso impso za bambo shuga anali atazifooketsa kale. Ndikati ndikudziwa ndikunamizani."

A Mervis ankafuna eya kapena ayi. Akanauzidwa kuti eya akanalira n'kulapa, akanauzidwa kuti ayi akanagona tulo. Anabwerera pa minibasi alibe chilichonse mwa ziwirizi.

Kuchokera apo mayi aja anasintha. Anaonda, kukwaya anasiya. Tikakumana pakiyosiki yotungira madzi amafunsa aliyense funso lomwelo, ngakhale ife amene sitidziwa kuti impso ili mbali iti. Ndipo kunena zoona nafenso zimatiwawa, chifukwa tinawawombera m'manja dzanja lawo lopatsalo moyo wonse. A Lusiya atapeza kanyumba ku Zingwangwa anasamuka, ndipo a Mervis akawaona pamsika amakhotera ku matimati ngati sanawaone, kenaka kunyumba n'kumadzida chifukwa cha zimenezonso.

Loweruka lina m'mawa, akuwadzoza mafuta miyendo amuna awo pakhonde, analimba mtima. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikuyanika zovala.

"Bambo a Chiso, ndili ndi mlandu kwa inu. Mapiritsi anu aja..."

"Munkawadula pakati."

A Mervis anasiya kudzoza.

"Maso ndi amene anafa, mayi, osati lilime. Lezala lanu lija linali lobuntha, piritsi linkandikala pakamwa m'mawa uliwonse."

"Ndiye osanena bwanji? Mukanandikalipira, bwenzi nditasiya!"

"Ndikananena mukanasiya, eya. N'chifukwa chake sindinanene."

A Mervis anagwira miyendo yotupa ija n'kuyamba kulira ngati pali maliro. A Hawkins anawasiya alire, kenaka anafufuza ndi dzanja mpaka atawapeza phewa.

"Nanga a Lusiya munakawaona? Shuga wawo ali bwanji?"